JOE LOUIS, NGWAZI YA NKHONYA

Pamene anthu okonda masewera a nkhonya akhala pamodzi, mtsutso sucedwa kubuka. Wina amafunsa kuti mwa ngwazi zonse zakale, ndani akadagonjetsa anzake zikadatheka kuti akomane m'bwalo limodzi. Ena amachula Jack Dempsey, ena Rocky Marciano, ena Muhammad Ali. Mtsutsowo umafika usiku osatha, pakuti amuna amene akuwachulawo anamenya nkhonya pa nyengo zosiyana, ndipo onse anamwalira. Koma pali dzina limodzi limene silisowa pa mtsutso wotere, ndilo la Joe Louis wa ku America. Mbiri ya moyo wake ionetsa cifukwa cake funso limeneli liri lobvuta kuliyankha.

Poyamba kuyenera kudziwika m'mene masewerawa amacitikira. Omenya nkhonya amagawidwa m'magulu monga mwa kulemera kwa matupi ao. Gulu la pamwamba ndilo la anthu olemera koposa, ndipo masiku a Louis linali la amuna opitirira mapaundi 175. Amuna awiri amalowa m'bwalo la ngodya zinai lozingidwa ndi zingwe, atabvala magolovesi m'manja. Mpikisano umagawidwa m'maraundi a mphindi zitatuzitatu, ndipo pakati pa raundi ndi inzake amapumula mphindi imodzi. Wina akagwa pansi, woimbira amawerenga kufikira khumi. Akalephera kudzuka, ndiye kuti wagonja. Ngati onse awiri atsiriza ali ciriri, oweruza amasankha amene wamenya bwino koposa. Masiku amenewo mpikisano wolimbirana ungwazi unali wa maraundi 15.

Ubwana wake

Joseph Louis Barrow anabadwa pa 13 May, 1914, m'kanyumba ka matabwa pafupi ndi mudzi wa LaFayette, m'cigawo ca Alabama, kumwera kwa dziko la United States of America. Iye anali wacisanu ndi ciwiri mwa ana asanu ndi atatu. Makolo ake, a Munroe Barrow ndi a Lillie, anali anthu akuda, ana a anthu amene kale anali akapolo. Iwo ankalima thonje m'munda wa mwini wina, ndipo nthawi yokolola ankagawana naye zokololazo.

Joe ali ndi zaka ziwiri, atate ake anadwala misala natengedwa kunka ku cipatala, ndipo sanabwerenso pakhomo. Patapita zaka zingapo amai ake anakwatiwa ndi a Pat Brooks. Masiku amenewo anthu akuda ambiri anali kucoka kumwera, kuthawa umphawi ndi nkhanza, kunka ku mizinda ya kumpoto kumene kunali nchito. Cotero m'caka ca 1926 banja lonse linasamukira ku Detroit, mzinda waukulu wopangirako galimoto.

Mnyamatayu anali wa cibwibwi, ndipo cifukwa ca ici sanali kukonda kulankhula. Maphunziro a m'buku anambvuta, motero anamtumiza ku sukulu ya nchito zamanja kuti akaphunzire ukalipentala. Akaweruka kusukulu ankagwira ganyu yonyamula zibuma zazikulu za madzi oundana, kukwera nazo pa makwerero a nyumba zazitali. Nchitoyo inali yowawa, koma inalimbitsa mapewa ndi mikono yake.

Amai ake anafuna kuti mwana wao aphunzire kuimba vayolini, coimbira ca zingwe cimene amacikhwekhwesa ndi kauta monga kaligo. Ankampatsa ndalama zolipira mphunzitsi. Koma Joe ankapita nazo ku nyumba ya masewera kumene anyamata anali kuphunzira nkhonya. Polembetsa dzina lake kuti alowe mpikisano, analemba Joe Louis cabe, nasiya la Barrow, ndipo dzinalo linamkhalira moyo wake wonse.

Mpikisano wake woyamba, m'caka ca 1932, unali womvetsa cisoni. Anamkomanitsa ndi Johnny Miler, munthu wozolowera kale masewerawa, ndipo Joe anagwetsedwa pansi kasanu ndi kawiri m'maraundi awiri. Mnyamata wina akadalekera pomwepo. Iye anabwerera kukaphunzira, ndipo mu April 1934 anakhala ngwazi ya dziko lonse la America pakati pa anyamata omenya nkhonya osalandira malipiro, m'gulu lotsatana ndi la olemera koposa.

Mphunzitsi ndi malamulo ake

Amuna awiri akuda, John Roxborough ndi Julian Black, anaona luso la mnyamatayu nayamba kumuyang'anira. Anamfunira mphunzitsi, Jack Blackburn, amene kale anali katswiri wa nkhonya iye mwini. Blackburn anamphunzitsa kuima bwino kuti thupi lisapendekeke poponya nkhonya, kusendera kwa mdani pang'onopang'ono mapazi osanyamuka kwambiri, ndi kumenya nkhonya zazifupi zotsatana msangamsanga. Anamuuzanso poyera kuti oweruza a masiku amenewo sanali kufulumira kupatsa cipambano munthu wakuda. Cotero njira yosakaikitsa inali yakuti mdaniyo agwe pansi osadzukanso.

Panali cifukwa cimene anamcenjezera motero. Munthu wakuda woyamba kukhala ngwazi ya olemera koposa anali Jack Johnson, amene anagwira ungwazi kuyambira 1908 kufikira 1915. Iye anali katswiri ndithu, koma ankaseka adani ake m'bwalo, ndipo sanali kusamala malire amene Azungu anaikira anthu akuda. Pamene anagonjetsa James Jeffries m'caka ca 1910, kunabuka zipolowe m'mizinda yambiri ndipo anthu anafa. Johnson atataya ungwazi, panapita zaka zoposa makumi awiri munthu wakuda osaloledwa kuulimbirana.

Cifukwa cace omuyang'anira Louis anamuikira malamulo. Asanyoze mdani amene wagwa. Asadzitame pamaso pa anthu. Asalandire ciphuphu kuti agonje dala. Ndipo akhale moyo wopanda cowanenera anthu. Malamulowa sanali olungama kwenikweni, pakuti Mzungu womenya nkhonya sanali kumangidwa nao onse. Koma Louis anawasunga, podziwa kuti akapunthwa iye, khomo likatsekekera ndi anzake omwe.

Anayamba kumenya nkhonya za malipiro pa 4 July, 1934, ku Chicago, nagwetsa Jack Kracken m'raundi yoyamba. Caka cimeneco anamenya mipikisano 12 napambana yonse. Olemba nyuzi anampatsa dzina lakuti Brown Bomber, kufanizira nkhonya zake ndi mabomba.

Pa 25 June, 1935, anakomana ndi Primo Carnera wa ku Italy m'bwalo lalikulu la Yankee Stadium ku New York. Carnera anali cimphona ca mapaundi 260, pamene Louis anali wa mapaundi 196. Nthawi imeneyo Mussolini, wolamulira Italy, anali kukonzekera kuthira nkhondo dziko la Ethiopia, ndipo anthu akuda a ku America anali ndi cisoni ndi abale ao a ku Africa. Pamene Louis anagwetsa cimphonaco katatu m'raundi yacisanu ndi cimodzi, iwo anasekera ngati kuti Ethiopia yemwe wapambana. Mu September caka comweco anagonjetsanso Max Baer m'raundi yacinai, atangokwatira kumene Marva Trotter madzulo a tsiku lomwelo.

Kugwa koyamba

Pofika caka ca 1936 Louis anali asanagonjepo ciyambire kumenya nkhonya za malipiro, ndipo anthu anayesa kuti palibe amene angathe kumgwetsa. Iye mwini anayamba kuganiza comweco. Anamkonzera mpikisano ndi Max Schmeling wa ku Germany, amene anakhalapo ngwazi kuyambira 1930 kufikira 1932. Schmeling anali ndi zaka 30, ndipo ambiri anamuyesa munthu wotha nchito. Louis, mnyamata wa zaka 22, sanakonzekere mwakhama. Nthawi yambiri anaithera pa masewera a gofu.

Koma Schmeling anali munthu wodekha. Anapenyetsetsa zithunzi za kanema zoonetsa mipikisano ya Louis, napeza kacilema kamodzi: Louis akaponya nkhonya ya kumanzere, ankatsitsa dzanjalo pang'ono asanalibweze kukachinga nkhope. Pa kamphindi kameneko cibwano cake cinali pambalambanda.

Akulu amati cakudza siciimba ng'oma. Pa 19 June, 1936, m'raundi yacinai, Louis anatsitsa dzanja monga mwa cizolowezi cake, ndipo nkhonya ya kumanja ya Schmeling inamfika pacibwano, nagwa pansi. Anadzuka nalimbikira, koma nkhonya yomweyo inam'peza kawirikawiri, kufikira anagweratu m'raundi ya 12. Usiku umenewo amuna akuluakulu analira poyera m'miseu ya Harlem, dera la anthu akuda mu New York.

Ku Germany kunali kulamulira Adolf Hitler, amene anali kuphunzitsa kuti mtundu wake uposa mitundu yonse, ndi kuti anthu akuda ndi Ayuda ndiwo anthu acabe. Schmeling atabwerera kwao, Hitler anamlandira ndi ulemu, ndipo boma lake linalalikira kuti cipambanoco cinali umboni wa ciphunzitso cake.

Ungwazi ndi kubwezera

Louis anabwerera kwa mphunzitsi wake modzicepetsa, nakonza colakwa cija. Pa 22 June, 1937, ku Chicago, analimbana ndi James Braddock amene anali ngwazi panthawiyo. Braddock anamgwetsa m'raundi yoyamba, koma Louis anadzuka, ndipo m'raundi yacisanu ndi citatu Braddock anagona pansi osadzukanso. Cotero mwana wa mlimi wa thonje anakhala ngwazi ya dziko lonse lapansi ali ndi zaka 23. Komabe mtima wake sunakhale pansi. Anauza anthu kuti sanafune kuchedwa ngwazi kufikira atagonjetsa Schmeling.

Tsikulo linafika pa 22 June, 1938. Anthu oposa 70,000 anadzaza Yankee Stadium, ndipo mamiliyoni ena anachera khutu pa wailesi ku America, ku Germany ndi m'maiko ena. Onse anali kuona kuti nkhondo yaikulu iri pafupi, ndipo amuna awiriwo anasenzetsedwa katundu woposa wa masewera: wina anaimira America, wina Germany wa Hitler. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Louis anadziwa kuti akagonjanso, manyazi sadzakhala ake okha.

Belu litangolira, iye sanapatse mdani wake mpata wakuti aponye nkhonya ija ya kumanja. Anamfikira pomwepo, namkankhira ku zingwe ndi nkhonya zotsatana. Imodzi inamfika m'nthiti cakumsana, ndipo Schmeling anakuwa ndi ululu. Anagwa katatu, ndipo woimbira analetsa mpikisanowo patangopita mphindi ziwiri ndi masekondi anai. Schmeling anamtengera ku cipatala atathyoka tifupa ta msana.

Usiku umenewo anthu akuda anabvina m'miseu kufikira mbandakuca. Cinanso cacilendo cinaoneka: Azungu ambiri a ku America anasekera pamodzi nao cifukwa munthu wakuda wagonjetsa Mzungu. Zotere zinali zisanaonekepo kwenikweni m'dziko limenelo.

Pamenepa kuyenera kunenedwa kuti Schmeling sanali munthu woipa monga m'mene ambiri anamuyesera. Sanalowe cipani ca Hitler, ndipo anakana kucotsa womuyang'anira wake, Joe Jacobs, amene anali Myuda. Mu November 1938, pamene Ayuda anali kusakidwa m'mizinda ya Germany, iye anabisa anyamata awiri Aciyuda m'cipinda cake mu Berlin.

Usiku wa Billy Conn

Ngwazi zina zakale zinali kukhala caka cathunthu kapena kuposa osateteza ungwazi wao. Louis sanatero. Analandira aliyense wofuna kuyesa mphamvu zake, ndipo m'caka ca 1941 cokha anateteza ungwazi kasanu ndi kawiri.

Mwa onsewo amene anamsautsa koposa ndiye Billy Conn, pa 18 June, 1941. Conn anali wopepuka kuposa Louis ndi mapaundi ngati 25, koma anali waliwiro ngati mphaka. Ankamenya nathawa, kuzungulira bwalo lonse, kotero kuti nkhonya zolemera za Louis zinali kungodula mphepo. Atatha maraundi 12, oweruza awiri mwa atatu anali ataika Conn patsogolo. Akadapitiriza comweco maraundi atatu otsalawo, akadatenga ungwazi. Koma mtima unamkula, nafuna kuti agwetse Louis pansi. M'raundi ya 13 anaima nayamba kusinthana naye nkhonya, ndipo ici ndico cimene Louis anali kudikira usiku wonse. Conn anagwa, ndipo woimbira anafika pa khumi kutatsala masekondi awiri kuti raundiyo ithe.

M'nkhondo yaikulu

America analowa m'Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse mu December 1941. Pa 9 January, 1942, Louis anagonjetsa Buddy Baer, napereka malipiro ake ku thumba lothandiza mabanja a asilikari a pamadzi. M'mawa mwake analembetsa usilikari. Mu March anagonjetsa Abe Simon, naperekanso malipirowo ku thumba la asilikari a pamtunda. Mwezi wotsatira mphunzitsi wake Blackburn, amene anali ngati atate ake, anamwalira.

Akulu a nkhondo sanamtumize kukaombera mfuti. Anampatsa nchito yoyendera misasa ndi zipatala za asilikari, ku America, ku England ndi ku Italy, kuwasangalatsa ndi masewera a nkhonya. Anaonetsa masewera 96 pamaso pa asilikari pafupifupi mamiliyoni awiri. Masiku amenewo asilikari akuda ndi Azungu anali kugona, kudya ndi kuguba padera. Louis sanali munthu wa mau ambiri, koma pamene anaona cosalungama ankakanena kwa akulu a boma amene anadziwana nao. Mwa njira imeneyi anathandiza asilikari ena akuda kuloledwa kuphunzira nchito ya utsogoleri. Mmodzi wa iwo anali Jackie Robinson, amene pambuyo pake anachuka pa masewera a baseball.

Ngongole ndi ukalamba

Nkhondo itatha, Louis anabwerera m'bwalo. Mu June 1946 anagwetsanso Conn, m'raundi yacisanu ndi citatu. Koma zaka zinali kupita, ndipo miyendo inayamba kulemera. Mu December 1947 Jersey Joe Walcott anamgwetsa kawiri. Oweruza awiri anapatsa Louis cipambano, koma oonerera ambiri anadandaula kuti wopambana weniweni anali Walcott. Mu June 1948 anakomananso, ndipo Louis anamgwetsa m'raundi ya 11. Pa 1 March, 1949, analengeza kuti waleka nkhonya. Anali atakhala ngwazi zaka 11 ndi miyezi 8, nateteza ungwazi wake nthawi 25.

Nkhonya zinamtengera madola oposa mamiliyoni anai, koma ndalamazo sizinakhalitse m'manja mwake. Gawo lalikulu linapita kwa omuyang'anira. Iye mwini anali wopatsa mopitirira: anagulira abale ake nyumba ndi galimoto, analipirira ena sukulu, ndipo anabwezera mzinda wa Detroit ndalama zimene banja lake linalandira monga thandizo masiku a umphawi. Zina anazimwaza pa zosangalatsa ndi pa malonda amene sanapindule. Cimene sanasamale ndico msonkho. Ku America munthu wolandira ndalama zambiri anali kukhoma gawo lalikulu kwambiri la ndalamazo ku boma, ndipo wocedwa kukhoma ngongole yake inali kukula caka ndi caka. Louis anapezeka ali ndi ngongole ya madola zikwi mazanamazana.

Analibe nchito ina yoti impezere ndalama zotere, motero anabwereranso m'bwalo. Mu September 1950 anagonja kwa Ezzard Charles atatha maraundi onse 15. Anapambana mipikisano ina isanu ndi itatu, ndipo pa 26 October, 1951, anakomana ndi Rocky Marciano. Louis anali ndi zaka 37, dazi litayamba kuoneka. Marciano anali ndi zaka 28. Maso a Louis anali kuonabe mipata, koma dzanja linali kucedwa kufikapo. M'raundi yacisanu ndi citatu Marciano anamgwetsa; atadzuka anam'menyanso, ndipo Louis anapyola zingwe nagwera m'mphepete mwa bwalo. Marciano, amene pa unyamata wake anali kumvera mipikisano ya Louis pa wailesi ndi kumlemekeza, anapita ku cipinda cake akulira misozi. Umenewo unali mpikisano wotsiriza wa Louis. Pa mipikisano yake 69 anapambana 66, ndipo 52 mwa imeneyo inatha mdani atagwetsedwa kapena ataletsedwa kupitiriza.

Ngongole ija inakulabe kufikira inapitirira madola miliyoni imodzi. Mkango ukazingwa umadya udzu: m'caka ca 1956 ngwazi yakaleyo inayamba masewera ogwetsana pansi kuti ipeze ndalama, ndipo inabvulala nthiti nileka. Pambuyo pake boma linaleka kumlonjerera ngongole yakaleyo. M'zaka zake zotsiriza anagwira nchito yolandira alendo pa hotela ya Caesars Palace ku Las Vegas, kumene anthu ankabwera kudzagwira dzanja limene linagwetsa Schmeling.

Ndipo Schmeling yemweyo anasanduka bwenzi lake. Iye anapulumuka pankhondo, nalemera ndi malonda a Coca-Cola ku Germany. M'caka ca 1954 anakaceza kwa Louis ku Chicago, ndipo kuyambira pamenepo anali kuonana kawirikawiri. Louis atasauka, Schmeling ankamthandiza ndi ndalama.

Joe Louis anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 12 April, 1981, ali ndi zaka 66. Mtsogoleri wa dziko, Ronald Reagan, analamula kuti aikidwe m'manda a Arlington, kumene America amaika asilikari ake olemekezeka. Ku Detroit anam'mangira cikumbutso ca mkuwa, cifanizo ca mkono wofumbata nkhonya, cotalika mafiti 24.

Ndani akadapambana?

Tsono funso lija la poyamba libweranso. Oimira Dempsey, amene anali ngwazi kuyambira 1919 kufikira 1926, amati iye ankayamba mpikisano mwaukali ngati moto wolusa, ndipo popeza Louis anagwetsedwapo m'maraundi oyamba, Dempsey akadam'maliza asanakonzeke. Oimira Marciano amakumbutsa kuti munthu wao anamenya mipikisano 49 osagonjapo, ndi kuti anagwetsa Louis anthu akuona. Oimira Ali amati ngati Conn, munthu wopepuka, anasautsa Louis ndi liwiro, nanga Ali, amene anali wamtali ndi wolemera kuposa Louis, koma waliwiro comweco?

Oimira Louis nawo ali ndi mayankho ao. Amati Dempsey ndi Marciano anali kubwera molunjika kwa mdani, ndipo anthu otere ndiwo amene Louis ankawagwetsa msanga. Za Ali amati iye anagwetsedwa ndi nkhonya ya kumanzere ya Henry Cooper m'caka ca 1963, ndi ya Joe Frazier m'caka ca 1971, ndipo nkhonya ya kumanzere ya Louis inali yoopsa kuposa zimenezo. Amaonjeza kuti Louis anali wodziwa kuphunzira: Schmeling, Conn ndi Walcott anambvuta poyamba, koma onse atatu anagwa pokomana naye kaciwiri.

Anthu anayesapo kuthetsa mtsutsowu ndi makina. M'caka ca 1967 Murry Woroner, munthu wa nchito za wailesi ku Miami, anaika mbiri za ngwazi 16 mu kompyuta kuti isankhe wopambana, ndipo inasankha Marciano. M'caka ca 1969 anajambula kanema wa Marciano ndi Ali akuyerekeza kumenyana, kuti kompyuta inene mathero ake. Marciano anafa pa ngozi ya ndege mu August caka comweco asanaone kanemayo. Pamene anamuonetsa ku America mu January 1970, Marciano anapambana m'raundi ya 13. Koma ku Ulaya anaonetsanso mathero ena, m'mene wopambana anali Ali. Motero makina sanathetse kanthu. Ngakhale akatswiri olemba mbiri ya nkhonya sagwirizana: ena amaika Ali patsogolo ndi Louis pambuyo pake, ena amatembenuza.

Mbiri ya Louis ionetsa pamene pagona bvuto. Wofunsa ngati Louis akadagonjetsa wakutiwakuti ayenera kuyamba wanena kuti ndi Louis uti. Kodi ndi mnyamata wodzikhulupirira wa 1936, amene anasiya maphunziro nathamangira gofu? Kodi ndi mwamuna wa 1938, amene anatha nchito yake m'mphindi ziwiri? Kapena ndi munthu wotopa wa 1951, amene analowa m'bwalo cifukwa ca ngongole? Amuna awiri omwewo, Louis ndi Schmeling, anamenyana kawiri m'bwalo limodzimodzi, ndipo mayankho anaturuka awiri osiyana. Comweconso Ali amene anagonjetsa Sonny Liston ndi liwiro m'caka ca 1964 anali wosiyana ndi Ali amene anagonjetsa George Foreman ndi nzeru ndi kupirira ku Kinshasa, m'dziko la Congo loyandikana ndi Zambia, m'caka ca 1974. Ngati mpikisano wa anthu amoyo sudziwika mathero ake belu lisanalire, wa anthu amene sanakomanepo ungadziwike bwanji?

Cimene cingathe kuyesedwa ndi nchito imene munthu anaigwira pa nthawi yake, ndi adani amene anawapeza. Pa muyeso umenewu Louis saopa aliyense. Kufikira lero palibe ngwazi ya olemera koposa imene inagwira ungwazi nthawi yaitali mosadukiza, kapena kuuteteza nthawi zambiri motsatana, kuposa mnyamata wa cibwibwi wa ku Alabama, amene pa mpikisano wake woyamba anagwa pansi kasanu ndi kawiri.

MAFUNSO

1. Kodi banja la Joe Louis linasamukiranji ku Detroit?
2. Chulani malamulo atatu amene omuyang'anira anamuikira. Anamuikiranji malamulowo?
3. Schmeling anapeza cilema cotani pa kamenyedwe ka Louis? Anacipeza bwanji?
4. Fotokozani cifukwa cake mpikisano wa 1938 unali woposa masewera wamba.
5. Billy Conn analakwitsa ciani m'raundi ya 13?
6. Cinabweza Louis m'bwalo m'caka ca 1950 n'ciani?
7. Longosolani tanthauzo la miyambi itatu imene iri m'nkhaniyi.
8. Gawanikani magulu awiri, lina liimire Joe Louis, lina Muhammad Ali. Gulu lirilonse lipereke zifukwa zake, ndipo liyambe lanena caka cimene munthu wao alowera m'bwalo.